Utomoni wa Chamba: Mitundu Yake ndi Chimene Lamulo Linena

Ambiri a ife tikamva za chamba timaganiza za masamba ouma okulungidwa m'pepala. Koma awerengi athu ayenera kudziwa kuti m'maiko ena chamba chimagulitsidwanso chitasandulika phula, ufa kapena mafuta, kotero kuti munthu wosadziwa sangachizindikire.

Mphamvu ya chomerachi ili mu utomoni umene umatuluka pa tiubweya ta maluwa a chamba chachikazi. M'chaka cha 1964 akatswiri awiri a ku Israel, Raphael Mechoulam ndi Yechiel Gaoni, anapatula mankhwala oledzeretsa a mu utomoniwo, otchedwa THC. Tsono mitundu yonse imene tifotokoze pano ndiyo utomoni womwewo wochotsedwa ku masamba.

Mtundu woyamba ndi charas wa ku India ndi Nepal, amene alimi amakanda ndi manja pa maluwa aawisi. Wachiwiri ndi hashish, amene atchuka kumapiri a Rif ku Morocco ndiponso ku Afghanistan. Ameneyu ndi ufa wosefedwa ku maluwa ouma ndi kuumbidwa ngati njerwa. Wachitatu ndi wa masiku ano: mafuta ndi phula zimene amasungunula ndi mpweya woyaka wa butane. Zimenezi zimafika pa magawo 60 mpaka 90 a THC pa 100 alionse, kuposa masamba kangapo konse, ndipo opanga mobisa ambiri apsa ndi moto nyumba zitaphulika.

Ngozi siithera pamenepo ai. M'chaka cha 2019 ku America kunabuka nthenda ya mapapo pakati pa anthu okoka nthunzi ya mafuta a chamba osakanizidwa ndi vitamin E acetate. Pofika February 2020 anthu 2,807 anali atagonekedwa m'zipatala, ndipo 68 anali atamwalira.

Komabe si mafuta onse amene aledzeretsa. Mankhwala ena a m'chamba, otchedwa CBD, sasokoneza mutu, ndipo mu 2018 Boma la America linaloleza Epidiolex, wopangidwa ndi CBD, kuti azithandiza odwala mitundu ina yoopsa ya khunyu.

Kusiyana kumeneku ndiko kumene lamulo lathu latsata. Mu 2020 Nyumba ya Malamulo ya Malawi inavomereza kulima ndi kukonza chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo amene alandira chilolezo ku bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Kusuta pofuna kuledzera kunatsala koletsedwa.

Chifukwa chake ogwira ntchito m'Boma, makamaka a m'zipata za dziko, ayenera kufunsa chilolezo asanakhulupirire mawu olembedwa pa botolo. Aphunzitsi nawonso asadalire fungo la utsi lokha, popeza kabotolo kakang'ono m'thumba la mwana wa sukulu kangathe kukhala ndi mphamvu yoposa ndudu zambiri za chamba.