Nsalu yomwe imasanduka mwala ikamwa madzi

Ndili mwana ngati inu, bambo anga anagula matumba atatu a simenti oti akonzere khonde. Anawasunga m'kanyumba ka makasu, kofolera ndi udzu. Mvula ya mu Januwale italimbika, denga linayamba kudontha pakona pomwe panali thumba limodzi, ndipo palibe anazindikira. Tsiku lomwe amisiri anabwera, thumba lija linali gwa! Atang'amba pepala lake, munatuluka chimwala chooneka ngati pilo, chokhala ndi makwinya onse a thumba. Bambo anagwira njakata, poti ndalama zinali zitalowa m'madzi. Ife ana tinachigubuduzira pansi pa mtengo wa mango, ndipo chinakhala mpando wathu zaka zambiri.

Kodi chinachitika n'chiyani m'thumba muja? Anthu ambiri amaganiza kuti simenti imalimba chifukwa chouma, monga limachitira dothi padzuwa. Si choncho ayi. Simenti imalimba chifukwa chomwa madzi. Madzi akakhudza ufa wake, ziwirizi zimagwirizana n'kubala chinthu chatsopano: timiyala tosaoneka ndi maso, tomwe timamera ngati tisingano n'kumalukanalukana mpaka zonse zitagwirana. N'chifukwa chake mumaona amisiri akuthirira mabuloko ndi pansi pa nyumba yatsopano m'mawa ndi madzulo, ngati akuthirira dimba. Chidina chosaotcha chikanyowa chimaphwasuka, koma simenti imatha kulimba ngakhale ili pansi pa madzi.

Mu 2004, anyamata awiri omwe ankaphunzira ku London, Peter Brewin ndi Will Crawford, analowa mpikisano wofuna njira zatsopano zogwiritsira ntchito simenti. Mtima wawo unali pa anthu othawa nkhondo ndi ogwa m'ngozi zadzidzidzi, omwe amakhala m'matenti nthawi yaitali pomwe tenti sachedwa kung'ambika ndi dzuwa ndi mphepo. Nzeru anaitenga pa chinthu chomwe ena mwa inu munavalapo: chikhakha. Amene anathyokapo mkono akukumbukira. Adokotala amatenga bandeji yodzaza ndi ufa woyera, kuiviika m'madzi, kuikulunga pamkono ili yofewa, ndipo posakhalitsa yalimba moti anzanu kusukulu amaigogoda n'kulembapo maina awo. Anyamata aja anadzifunsa kuti, bwanji titapanga chikhakha chachikulu choti anthu n'kugonamo?

Kuganiza n'kosavuta, ntchito inali pa kupanga. Tayesani kuthira ufa pakati pa zitenje ziwiri n'kuziimika. Ufa wonse utsikira pansi, pamwamba patsala nsalu yokha. Choncho anafunika nsalu ya mtundu wina, ya nkhope ziwiri zolumikizidwa ndi tiulusi tambirimbiri pakati pake, kuti ufa wa simenti ukodwe m'tiulusimo, usasunthe ngakhale nsalu ikulungidwe, inyamulidwe pagalimoto kapena ipachikidwe. Nkhope yapamwamba imalola madzi kulowa. Yapansi ndi ya pulasitiki, madzi sadutsa. Tiulusi tija tili ndi ntchito inanso. Simenti yopyapyala payokha imasweka ngati mbale yadothi, koma tiulusi timaigwira kuti mng'alu ukayamba usapitirire, monga nsungwi zimagwirira dothi pa nkhokwe yomata.

Nsaluyi anaitcha Concrete Canvas, ndipo kampani yawo, yomwe inayamba mu 2005, ili ku Wales. Yopyapyala kwambiri ndi ya mamilimita 5, yosafika n'komwe pa kunenepa kwa pensulo yanu. Palinso zina zonenepa kuposa pamenepo. Isananyowe mutha kuidula ndi mpeni. Mukaithira madzi imakhalabe yofewa kwa ola limodzi kapena awiri, ndipo pakatha maola 24 yasanduka konkire yoti n'kupondapo. Madzi ake ngakhale a m'nyanja yamchere amatheka.

Nyumba yake imamangidwa mosangalatsa zedi. Imabwera yopindidwa. Mkati mwake muli chithumba cha pulasitiki, ndipo akalumikiza fani yamagetsi chimafufuma ngati chibaluni n'kudzutsa nsalu yonse. Akatero amakhomera zikhomo m'mbali, kenaka n'kuipopera madzi. Anthu awiri okha amatha kuimika nyumba yaing'ono ya mtunduwu, yomwe pansi pake n'pofanana ndi chipinda cha mamita 5 mulitali ndi 5 mulifupi, ola lisanathe. Mawa lake agogode khoma, lilira ngati mwala.

Koma taonani mmene zinthu zimayendera. Chomwe anthu anachikonda kwambiri si nyumba ija ayi, koma nsalu yeniyeniyo. Lero imagwira ntchito yaikulu poyala m'ngalande ndi pa zitunda za m'mbali mwa misewu ndi njanji kuti madzi asakokolole dothi. M'malo mobwera ndi chigalimoto chosakaniza konkire, amisiri amangofunyulula mpukutu ngati mphasa, kuukhomera, n'kuuthirira.

Tsono apa pali funso. Anyamata aja anatha nthawi yaitali akuyesa, kulephera, n'kuyesanso. Nanga kampani ina yaikulu, ya ndalama zambiri, ikanangogula kachidutswa ka nsaluyo, kuisuzumira mkati, n'kuyamba kupanga yake? Chomwe chimateteza munthu wotulukira chinthu ndi chikalata cha boma chotchedwa patenti. Mwini patenti ali ndi mphamvu yoletsa ena kupanga kapena kugulitsa chinthu chakecho popanda chilolezo chake, kawirikawiri kwa zaka 20 kuchokera tsiku lomwe anapereka pempho.

Boma silipereka mphamvuyi ulere. Pali kusinthana. Wopempha ayenera kuulula chinsinsi chake chonse: alembe mmene chinthucho chimapangidwira, ajambule zithunzi zake, afotokoze momveka bwino moti mmisiri wina wa ntchito yomweyo atawerenga angathe kuchipanga. Zolembazo zimaikidwa poyera, ndipo masiku ano aliyense atha kuziwerenga pa intaneti osalipira. Mawu akuti patenti amachokera ku Chilatini, ndipo tanthauzo lake ndi chinthu chotseguka. Zaka 20 zija zikatha, nzeruyo imakhala ya tonse, aliyense apange. Ine mbali imeneyi ndi yomwe imandikhudza kwambiri. Ndi amisiri angati, osula, oumba, odziwa mitengo ya mankhwala, omwe anabisa luso lawo poopa kuberedwa, ndipo atamwalira luso linapita nawo kumanda? Anthu a mumzinda wa Venice, ku Italy, analiona vutoli kalekale. Mu 1474 anakhazikitsa lamulo loti wobweretsa chipangizo chatsopano akachilembetse, ndipo atetezedwa zaka 10.

Si chilichonse chomwe chingalandire patenti. Chinthucho chikhale chatsopano padziko lonse, chikhale chogwira ntchito, ndiponso chisakhale chodziwikiratu, choti mmisiri aliyense akanachiganiza mosavuta. Simenti si yatsopano, nsalunso si yatsopano. Chatsopano chinali njira yogwirira ufa pakati pa ulusi.

Tiyeni tsopano tikwere kumwamba pang'ono, tikaone komwe kunachokera nzeru ina yatsopano. Pafupifupi makilomita 400 pamwamba pa mitu yathu pali chombo chachikulu chotchedwa International Space Station, momwe mumakhala akatswiri ofufuza za mlengalenga. Kumeneko kulibe mjigo, kulibe chitsime, ndipo kutumizako madzi n'kodula koopsa. Ndiye amatani? Amasonkhanitsa chinyezi cha mpweya womwe apuma, thukuta, ngakhale mkodzo, n'kuzisefa mpaka zitasanduka madzi abwino akumwa. Musachite tsinya! Mu 2023 bungwe lofufuza za mlengalenga la NASA linalengeza kuti lafika pobweza malita 98 pa malita 100 alionse.

Mnyamata wina wa ku Sweden, Mehrdad Mahdjoubi, akuphunzira pa yunivesite ya Lund, anagwira nawo ntchito ina ya sukulu mogwirizana ndi NASA, yoganizira mmene anthu angakhalire pa pulaneti ya Mars, komwe dontho lililonse ndi la mtengo wapatali. Iye anaona kuti nzeru yomweyo ikufunika pansi pano. Mu 2012 anayambitsa kampani ya Orbital Systems, yomwe ili mumzinda wa Malmö, n'kuyamba kupanga shawa yobweza madzi.

Kuti mumvetse chifukwa chake, tiwerengere limodzi. Shawa wamba imatulutsa malita ngati 10 pa mphindi iliyonse. Munthu akaima pansi pake mphindi 10, malita 100 apita. Zimenezo ndi ndowa zisanu za malita 20! Inu amene mumatunga madzi musanapite kusukulu mukudziwa kulemera kwa ndowa imodzi pamutu, ndipo mukudziwa kuti munthu amasamba n'kuyera bwinobwino ndi theka la ndowa ndi kapu. Pa nkhani yosamala madzi, wosamba m'beseni ali patsogolo kale. Chomwe chimapweteka pa shawa n'chakuti madzi ambiri amangokhudza thupi kamphindi n'kulowa m'paipi akadali oyera, akadali ofunda.

Shawa ya Mahdjoubi imawagwira madziwo asanathawe. Pansi pomwe munthu waponda pali tizipangizo toyeza madzi kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Tikapeza kuti madzi ada kwambiri, monga nthawi yomwe mukutsukuluza sopo kumutu, amatayidwa ndipo atsopano amalowa m'malo mwake. Tikapeza kuti ali bwino, pampu imawakankhira m'sefa yochotsa tizinyalala, kenaka amadutsa pa kuwala kwa UV komwe kumapha tizilombo toyambitsa matenda. Akatero amatenthetsedwa pang'ono chabe, poti sanazizire, n'kugweranso pamutu panu. Malita ochepa omwewo amazungulira mobwerezabwereza mpaka mutamaliza, kenaka amatayidwa, ndipo wosamba pambuyo panu amayamba ndi madzi atsopano. Kampaniyo imati shawayi ingapulumutse madzi mpaka malita 90 pa 100 alionse, komanso magetsi ambiri otenthetsera. Ndi yodula, ndipo imafuna magetsi ndi kusintha sefa, choncho si ya pakhomo pa aliyense. Komabe m'mizinda momwe madzi akuchepa ili ndi malo ake. Anzathu okhala ku Cape Town sanaiwale 2018, pomwe chilala chinachititsa kuti munthu aliyense aloledwe malita 50 okha patsiku, a zonse: kumwa, kuphika, kuchapa ndi kusamba.

Nsalu mutha kuigwira, shawa mutha kuiona. Nanga nzeru yomwe ili m'kompyuta mokha, nayonso ingalandire patenti? Mu 1998, ku America, Jay Walker ndi anzake analandira patenti ya njira yogulira zinthu pa intaneti, yomwe kampani ya Priceline inkagulitsira matikiti a ndege. Wogula ndiye ankatchula mtengo: ndikufuna kupita kwakuti, ndili ndi ndalama zakuti. Kompyuta inkafufuza kampani ya ndege yomwe ili ndi mipando yopanda anthu ndipo ingavomere mtengowo, poti ndege ikanyamuka mpando uli wopanda munthu, ndalama ya mpandowo yatayika basi. Patenti imeneyi inautsa mkangano. Ambiri anati uku n'kunenerera chabe, komwe anthu akhala akuchita m'misika kuyambira kale, kungoti akuchitira pa kompyuta. Inenso ndimaona choncho, ndipo ndimakhulupirira kuti boma liyenera kusamala kwambiri lisanapatse munthu mmodzi mphamvu pa chinthu chomwe amayi anu amachita tsiku lililonse pogula tomato. Mpaka lero maiko sagwirizana chimodzi pa nkhani ya mapulogalamu a kompyuta. Zaka za patenti ija zinatha kale.

Patenti imagwira ntchito m'dziko lomwe yalembetsedwa basi. Ya ku Sweden siteteza munthu ku Zambia. Pofuna kuchepetsa vuto loyenda dziko ndi dziko, maiko angapo a mu Africa anapangana ku Lusaka mu 1976 kukhazikitsa bungwe lomwe lero limatchedwa ARIPO. Likulu lake lili ku Harare, ndipo Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ndi mamembala. Munthu atha kupereka pempho limodzi n'kutchula maiko omwe akufuna kutetezedwamo.

Ngati mukufuna kuona ndi maso anu nsalu ikusanduka mwala, dikirani tsiku lomwe pakhomo kapena kwa aneba kuli amisiri, mupemphe simenti yodzaza chitini chimodzi. Musachite nokha, pakhale munthu wamkulu, ndipo muvale magolovesi kapena majumbo m'manja, chifukwa simenti yonyowa imaotcha khungu ndipo ikalowa m'maso ndi yoopsa. Isakanizeni ndi madzi ikhale ngati phala lamadzimadzi. Viikanimo thaulo lakutha mpaka litamwa paliponse. Vundikirani ndowa yakale, muiphimbe ndi pulasitiki, n'kuyala thaulo lija pamwamba pake, m'mbali mulendewere. Muike pamthunzi, osati padzuwa, ndipo muziwaza madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku atatu kapena anayi. Mukadzachotsa ndowa n'kulitembenuza, thaulo lidzaima lokha ndi mapindo ake onse. Pemphani wamkulu uja aboole kabowo pansi, muthiremo dothi, mudzalemo duwa.