Timakina Togawana Nchito M'kati mwa Kompyuta

Munthu akamalankhula pa lamya, makina amapima mau ake kosacepera 8,000 pa sekondi imodzi ndi kuwasandutsa manambala. Nyimbo ya pa CD imapimidwa kokwanira 44,100 pa sekondi, pamene radar yoyang'anira ndege ndi makina ounikira mwana m'mimba mwa mai amatulutsa manambala oculuka koposa apa.

Bvuto lagona pa nthawi. Manambalawa ayenera kuwerengeredwa pomwepo akali kufika, pakuti makina akatsalira m'mbuyo mau amaduka, cithunzi ca mwana cimasokonezeka, ndipo ndege ikhoza kuoneka pamalo pomwe yacokapo kale.

Kwa zaka zambiri masamu onse a kompyuta anali kucitidwa ndi kacipangizo kamodzi kochedwa processor. Komatu mutu umodzi susenza denga. M'caka ca 1985 kampani ya Inmos ya ku Bristol, m'dziko la Britain, inatulutsa transputer, processor yokhala ndi njira 4 zolankhulirana ndi zinzake mwacindunji. Pambuyo pake anaiika pa kabolodi kakang'ono kochedwa TRAM, ndipo bolodi lalikulu la B008 linali ndi malo 10 olowetsamo timabolodi timeneti. Wofuna mphamvu yoonjezera anali kungolowetsa kabolodi kena, osagula kompyuta yatsopano.

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 kampani ya Texas Instruments ya ku America inatulutsa TMS320C40, yopangidwira masamu a mau ndi zithunzi. Iyo inali ndi njira 6 zolankhulirana, ndipo timabolodi take tinali kuchedwa TIM-40.

Kagwiridwe kake ka nchito kafanana ndi amisiri opatsirana njerwa pa mzere. Processor yoyamba icotsa phokoso ndi kupereka manambala kwa yaciwiri, imene isiyanitsa mau okwera ndi otsika, ndipo yacitatu itsiriza. Imodzi ikalemedwa ndi nchito koposa zinzake, mzere wonse uyembekeza. N'cifukwa cake luso lalikulu liri pa kugawa nchito mofanana.

Transputer inazimirira m'zaka za m'ma 1990, koma nzeru yake inatsala. M'caka ca 2010 Texas Instruments inalengeza TMS320C6678, mmene ma processor 8 akhala m'kacipangizo kamodzi. Ku Karoo, m'dziko la South Africa, makina oonera zakuthambo a MeerKAT, amene anatsegulidwa mu 2018, ali ndi mbale 64, ndipo zonse zimene mbalezi zimamva zimaphatikizidwa ndi mabolodi ambiri ogwira nchito pamodzi.

Zambia ndi limodzi mwa maiko 8 a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa nchito yaikulu koposa ya Square Kilometre Array. Mabolodi angathe kugulidwa kunja, koma kuti dziko lipindule ndi cigwirizanoci lifunika anyamata ndi atsikana ophunzira masamu, odziwa kugawira makinawa nchito.