Akamaiwala asanakalambe

Kwathu kwa Malemia, ku Nsanje, agogo akayamba kusokoneza mayina a adzukulu timangoti ndi ukalamba. Koma zomwezo zikachitikira munthu wa zaka 50, amene akupalasabe njinga kupita kudimba, nkhani imasintha. Ena amati wapenga, ena amati amulodza, ndipo ena amafika pomuloza chala kuti iyeyo ndiye mfiti.

Malume anga ankagulitsa makakana ndi milamba pamsika, ndipo masamu a chenji ankawachitira m'mutu. Asanakwanitse zaka 55 anayamba kubweza chenji kawiri kwa munthu mmodzi. Kunyumba akazi awo ankati, "Bambo, mwadya kale nsima, mbale zanu izi," iwo n'kumakalipa kuti akuwamana chakudya. Tsiku lina anapezeka ataima ndi dengu pamphambano, akufunsa ana njira yopita kunyumba kwawo komwe. Banja linatha mbuzi kwa asing'anga lisanaganize za chipatala.

Madokotala amawatcha matenda oterewa dementia, ndipo akayamba munthu asanafike zaka 65 amati abwera msanga. Si achilendo. Mayi amene dokotala Alois Alzheimer anamuyeza ku Frankfurt mu 1901, Auguste Deter, anali ndi zaka 51 zokha. Mu 2021 akatswiri a pa yunivesite ya Maastricht anawerengera kuti padziko lonse anthu pafupifupi 3.9 miliyoni a zaka 30 mpaka 64 ali ndi vutoli. Mu 2023, mogwirizana ndi anzawo a ku Exeter, anaunika mbiri za anthu oposa 350,000 a ku Britain n'kupeza zinthu 15 zimene zimayendera limodzi ndi matendawa. Za kumtundu zilipo, koma zambiri ndi zomwe timaziona tsiku ndi tsiku: uchidakwa, sitiroko, shuga, matenda a mtima, kusamva bwino, kukhumudwa, umphawi, ndi kukhala wekha wopanda wocheza naye.

Kafukufukuyo ndi wa ku Ulaya, ndipo ine chimene chimandiwawa n'chakuti kuno kuchigwa tili ndi zifukwa zathu zina zimene angathe kuzithandiza kuchipatala, koma sitizifufuza. HIV ikakhalitsa m'thupi popanda ma ARV imafika ku ubongo, munthu n'kuyamba kuiwala ndi kuchedwa kuganiza. Kachasu wa tsiku ndi tsiku, wodya pang'ono, amawononga kukumbukira. Kuthamanga kwa magazi kumapha tizigawo ta ubongo mwakachetechete, munthu osagwa n'komwe.

Palinso pelagra, ndipo Nsanje imawadziwa matendawa. Mu 1990 anthu oposa 18,000 othawa nkhondo ya ku Mozambique, amene ankakhala m'maboma a kum'mwera kuphatikizapo lathu lino, anadwala pelagra mtedza utasiya kubwera pa chakudya chimene ankalandira. Thupi likamangodalira chimanga limasowa vitamini wotchedwa niacin. Khungu limada ndi kusweka m'khosi ndi m'manja momwe mumawomba dzuwa, m'mimba mumatsegula, kenako mutu umasokonezeka. Mapiritsi a niacin ndi mtedza, nyemba kapena nsomba zimamubweza munthu wotere. Madzi akasefukira ngati nthawi ya Freddy mu 2023, mabanja n'kumadya nsima yokhayokha m'misasa, tizikumbukira zimenezi.

Matenda a Alzheimer enieni, omwe ndi mtundu umodzi wa dementia, alibe mankhwala ochiziratu. Komabe banja likadziwa chimene chikuvuta limasiya kukangana ndi wodwala, limamusungira ndalama zake, ndipo silimulola kupita yekha kumtsinje wa Shire. Ndipo lamulo la dziko lino la mu 1911 limaletsa kumunena munthu kuti ndi mfiti.

Choncho mbale wanu akayamba kusochera m'mudzi wake womwe asanamere imvi, mutengereni kuchipatala cha boma ku Nsanje kapena chaching'ono chapafupi. Mupitenso ndi munthu amene amakhala naye, kuti akafotokoze pamene zinayambira, ndipo mukapemphe kuti amuyeze magazi, shuga, HIV ndi kuthamanga kwa magazi.