Nkhukundembo ya Cajun pa Khirisimasi: zimatheka ngakhale pa mbaula

Novembala akamapita kumapeto, TikTok ndi Facebook zimadzaza ndi mavidiyo a nkhukundembo zofiirira, zonyezimira mafuta, zikutuluka mu uvuni. Ambiri mwa mavidiyowa amachokera ku America, komwe amakhala akukondwerera Thanksgiving, tsiku lomwe limagwa Lachinayi chakumapeto kwa mweziwu. Ndiye kuno ku Kaning'ina funso limabwera lomwelomwelo chaka chilichonse: kodi ifenso tingathe pa Khirisimasi?

Yankho langa ndi lakuti eya, zimatheka. Koma musangokopera vidiyo. Mbalame yathu ndi ina, moto wathu ndi wina, ndipo magetsi mukuwadziwa kale khalidwe lake nthawi ya mvula. Nkhukundembo imodzi ndi ndalama yogulira nkhuku zingapo. Mukailakwitsa, mwina ituluka youma ngati chikuni, mwina ipsa kunja koma m'kati muli magazi, banja lonse n'kukathera Khirisimasi pamzere wa kuchipatala. Tiyeni tiyende nayo bwinobwino.

Cajun ndi chiyani kwenikweni?

Ambiri timaganiza kuti Cajun ndi dzina la sipaisi inayake ya m'botolo. Ayi, ndi dzina la anthu. Makolo awo anali olankhula Chifalansa omwe ankakhala dera lotchedwa Acadia, kum'mawa kwa dziko lomwe lero ndi Canada. Kuyambira mu 1755 Angerezi anawathamangitsa kumeneko, ndipo ambiri anakakhazikika kum'mwera kwa Louisiana ku America. Mawu akuti Acadian ndi omwe anasanduka Cajun. Kaphikidwe kawo ndi ka anthu akumudzi: mpunga, nsomba, nkhumba, anyezi ndi tsabola, zonse mumphika umodzi. Kanatchuka dziko lonse m'zaka za m'ma 1980 kudzera mwa ophika monga Paul Prudhomme wa ku New Orleans.

Chomwe amachitcha Cajun seasoning m'mashopu ndi msakanizo chabe: paprika, tsabola wowawa, adyo, anyezi, tsabola wakuda, thyme, oregano ndi mchere. Onani bwino mndandandawo. Paprika timalima konkuno ku Malawi, mpaka kutumiza kunja. Adyo ndi anyezi zili mbwee mumsika waukulu wa Mzuzu ndi ku Zigwagwa. Pa tsabola ndiye tili ndi kambuzi, yemwe fungo lake silifuna kuuzidwa. Zotsalazo ndi timapaketi ta m'mashopu a m'tauni. Palibe chifukwa choyitanitsira botolo kuchokera ku Joni.

Mbalame yamoyo kapena ya mufiriji?

Nkhukundembo ya makilogalamu 5 yosadzula kale imakwanira anthu pafupifupi 10. Ngati muli ochepa, musadzivute: zonse ndikunenazi zimagwiranso ntchito pa nkhuku ziwiri zikuluzikulu, kungoti nthawi yowotchera imachepa.

Ngati mukugula yamoyo, iyang'anitsitseni. Ikhale yochangamuka, maso owala, yosatuluka mamina, yosagwetsa mapiko, kumbuyo kwake kouma. Chitopa sichigwira nkhuku zokha, nkhukundembo nazonso chimazigwira. Wogulitsa akatsitsa mtengo modabwitsa pa mbalame yowodzera, ingodutsani. Funsaninso msinkhu wake. Tambala wamkulu yemwe wakhala zaka akuyendayenda pabwalo nyama yake ndi yolimba. Wamphika ameneyo, osati wowotcha. Yowotcha ikhale yosakwana chaka.

Izingeni dzulo lake, osati m'mawa wa Khirisimasi. Nyama ya mbalame yongophedwa kumene imayamba yauma gwa kwa maola angapo, kenako n'kumasuka. Mukasosola ndi kutumbula, itsukeni ndi madzi aukhondo kutali ndi mbale ndi ndiwo zamasamba, muipukute, muiike mufiriji. Nthutumba, chiwindi ndi khosi musunge padera, ndi za msuzi zimenezo. Ngati mulibe firiji, nkhani isinthe: zingani m'mawa womwewo, thirani zokometsera, muyambe kuwotcha pasanathe maola awiri. Kulimbako pang'ono kuli bwino kusiyana ndi kuola.

Ya m'shopu yowuma ndi ayezi imafuna nthawi. Mufiriji, makilogalamu 2 aliwonse amatenga pafupifupi tsiku lathunthu kuti asungunuke, choncho ya makilogalamu 5 iyambeni pa 22 Disembala. Mukachedwa, iikeni m'jumbo losadontha, muimize m'ndowa ya madzi ozizira, muzisintha madziwo pa mphindi 30 zilizonse. Pamenepo werengerani ola limodzi pa kilogalamu, ndipo ikasungunuka muiwotche nthawi yomweyo. Chomwe simuyenera kuchita ndi kuisiya patebulo usiku wonse kapena kuiyanika padzuwa. Kunja kumafunda m'kati mukadali mwala, ndipo tizilombo monga Salmonella timaswana pakhungupo.

Msakanizo wake

Uwu ndi muyeso womwe ndimagwiritsa ntchito pa mbalame ya makilogalamu 5:

- paprika, masupuni akuluakulu 3
- adyo wosinja, mutu umodzi wathunthu
- anyezi mmodzi wopala kapena wosinja
- tsabola wakuda, supuni yaikulu imodzi
- thyme, supuni yaikulu imodzi
- oregano, supuni yaikulu imodzi
- kambuzi awiri kapena atatu osinja, kapena tsabola waufa supuni yaing'ono imodzi
- mchere magalamu 50, omwe ndi pafupifupi masupuni akuluakulu 3 osasefukira
- majarini kapena batala magalamu 150
- mandimu awiri

Lamulo la mchere ndi losavuta: magalamu 10 pa kilogalamu iliyonse ya nyama. Ngati mwagula Cajun ya m'botolo, werengani kumbuyo kwake, chifukwa yambiri imakhala ndi mchere kale. Mukawonjezera wanu osayang'ana, anthu adzamwa madzi mpaka Nyuwere.

Pa kambuzi ganizirani agogo ndi ana. Ndi bwino kuchepetsa m'nyama n'kuika tsabola wina pambali kuti madolo a tsabola adzithirire okha.

Chinsinsi chili pansi pa khungu

Apa ndi pomwe mavidiyo ambiri amathamanga. Ukangowaza sipaisi pamwamba, khungu ndi lomwe limakoma, nyama m'kati ili zii. Komanso paprika ali ndi shuga wake wachilengedwe, ndipo akakhala pamoto wamphamvu nthawi yaitali amapserera n'kuyamba kuwawa.

Ndiye chitani izi. Lowetsani zala pakati pa khungu ndi nyama kuyambira kukhosi, pang'onopang'ono osang'amba, mpaka pachifuwa ponse ndi m'ntchafu pamasuke. Sakanizani zokometsera zonse ndi majarini uja. Gawo lalikulu mulipake pansi pa khungu, lotsalalo m'mimba ndi pang'ono pamwamba. M'mimbamo ponyanimo mandimu odula pakati ndi anyezi.

Ikhale choncho mufiriji usiku wonse, yosavindikira, pa shelefu yapansi kuti madzi ake asadonthere zakudya zina. Mchere umayamba wakoka madzi a nyama, kenako madziwo amabwerera m'kati atatenga mcherewo, ndipo nyama yotere sitaya madzi ambiri pamoto. Mphepo ya mufiriji nayo imaumitsa khungu, n'chifukwa chake limadzatuluka lokhumutuka.

Osaika mpunga kapena buledi m'mimba mwa mbalameyo monga amachitira m'mavidiyo ena. Zimamwa madzi a nyama yaiwisi ndipo zimachedwa kupsa. Kilombero wathu aphikidwe mupoto wake.

Ngati muli ndi uvuni

Tenthetsani uvuni pa madigiri 165. Yalani anyezi ndi karoti pansi pa thireyi, thirani kapu imodzi ya madzi, mbalame igone chagada pamwamba pake. Werengerani mphindi 30 mpaka 35 pa kilogalamu, kutanthauza maola pafupifupi atatu pa ya makilogalamu 5.

Vuto la nkhukundembo ndi lakuti nyama yapachifuwa imapsa msanga, pomwe ntchafu zimachedwa. Khungu lapachifuwa likangofiira, livindikireni ndi foil kuti ntchafu zipeze mpata. Musamatsegule uvuni pafupipafupi kuti mujambule. Nthawi iliyonse mwatsegula, kutentha kumathawa.

Mbaula ikhale pafupi ndi makala ake. Magetsi akathima nyama ili pakati, musadikire kuti "abwera pompano". Nyama yofunda, yosapsa, yongokhala mu uvuni wozizira ndiye paradaiso wa tizilombo. Pakatha mphindi 20 osayaka, idulenidulani mupitirize pamakala.

Ngati muli ndi mbaula yokha

Amene anaonapo amayi akuphika chigumu, moto pansi moto pamwamba, akudziwa kale njira yake. Kusiyana ndi kukula kwa mphika basi.

Choyamba, iwalani zoiwotcha yathunthu ili chiimire ngati ya pa chithunzi. Dulani msana mbali zonse ziwiri muuchotse, tembenuzani mbalameyo, kanikizani pachifuwa ndi manja awiri mpaka iphwathalale. Ngati sikulowabe, igaweni pakati. Yophwathalala imapsa mofanana, komanso mofulumira kwambiri, ndiye makala amapulumuka.

Pezani sefuliya yaikulu ya paukwati ija, yokhala ndi chivindikiro chachitsulo. Pansi pake yalani anyezi, karoti ndi mbatatesi zodula zikuluzikulu kuti nyama isakhudze chitsulo, ndipo thirani makapu awiri a madzi. Khungu liyang'ane kumwamba. Makala ochepa pansi, ambiri pachivindikiro. Pa mphindi 30 kapena 40 zilizonse onjezerani makala oyaka kale, zungulizani sefuliyayo, muone ngati madzi sanaphwe. Ola loyamba ndi theka nthunzi imafewetsa nyama, zomwe mbalame yakumudzi imafunikira kwambiri. Kenako tsegulani chivindikiro pang'ono kuti nthunzi ituluke, wonjezerani moto wapamwamba, khungu lifiire. Kuyambira pa maola awiri muziyesa ngati yapsa.

Zinthu ziwiri zoti musaseweretse. Musavindikire ndi lata lopakidwa penti kapena kugwiritsa ntchito mgolo womwe munali mankhwala kapena mafuta a galimoto. Ndipo mvula ya Mzuzu ikayamba, mbaula isalowe m'nyumba yotseka. Utsi wa makala wosaoneka, wosanunkha uja umapha anthu ali chikhalire. Khalani pakhonde kapena m'khitchini yapanja yodutsa mphepo.

Mudziwa bwanji kuti yapsa?

Maso amanamiza, makamaka pa Cajun, chifukwa paprika amafiiritsa khungu nyama isanapse. Njira yodalirika ndi kachipangizo kobaya m'nyama koyezera kutentha. Bayani pomwe ntchafu yanenepa kwambiri osakhudza fupa, kenako pachifuwa. Ponse pafike madigiri 74. Ngati m'banja mwanu mumawotcha nyama kawirikawiri, sonkheranani mugule. Mtengo wake sufika pa mtengo wa mbalameyo.

Ngati mulibe, bayani ndi mpeni polumikizira ntchafu ndi thupi mpaka pafupa. Madzi otuluka akhale oyera mbee, mwendo uzigwedera mosavuta, ndipo mukasuzumira pamfundopo pasakhale nyama yonyezimira ngati yaiwisi. Mukakayika, dulani ntchafuzo muzibwezere pamoto zokha.

Ikapsa, ipumule mphindi 30 musanadule. Mukadula ili yotentha kwambiri, madzi onse amathera pambale. Nthawi imeneyo ndi yopangira msuzi: wiritsani khosi, nthutumba ndi msana uja, sakanizani ndi zotsalira za m'sefuliya, onjezerani tomato. Msuzi umenewu umayenda ndi mpunga, nsima, ngakhale kondowole ngati kwabwera alendo a ku Nkhata Bay.

Mpeni, thabwa ndi mbale zomwe zinakhudza nyama yaiwisi zitsukidwe ndi sopo zisanakhudze saladi. Zotsala zilowe mufiriji pasanathe maola awiri, zitachotsedwa kumafupa, ndipo zidyedwe m'masiku atatu kapena anayi. Opanda firiji, gawirani aneba tsiku lomwelo, ndi Khirisimasi.

Nanga makalawo achokera kuti?

Ife a ku Kaning'ina sitingalankhule za maola atatu a moto osayang'ana kuphiri. Nkhalango ya Kaning'ina ndi yomwe imasunga madzi olowa mu damu la Lunyangwa, lomwe limamwetsa mzinda wathu. Thumba lililonse lotsika m'nkhalangomo usiku limadzaonekera pampopi mu Okutobala. Komanso chisinthireni lamulo la zankhalango mu 2020, zilango za makala opanda chilolezo zinakwera.

Njira zina zilipo: gasi, mabriketi, kapena makala ovomerezeka ochokera ku mitengo yobzala, monga a ku Kawandama Hills ku Viphya. Funsani wogulitsa komwe makala ake achokera. Ndipo kuphwathalalitsa mbalame kuja, kuvindikira bwino sefuliya ndi kutchinga mbaula ku mphepo kumachepetsa makala omwe mungawotche.

Ndondomeko mwachidule

Pa 22 Disembala, tsitsani yowuma ija iyambe kusungunuka mufiriji, ndipo mugule zokometsera msika usanadzaze. Pa 24, zingani ngati ndi yamoyo, pakani msakanizo, igone mufiriji. Pa 25, yatsani moto pofika 8 koloko m'mawa kuti nkhomaliro ikhale 1 koloko, ndipo pakhale munthu mmodzi wotsala pamoto ena akapita kutchalitchi.

Ngati ndi koyamba, yesererani pa nkhuku Lamlungu likubwerali ndi theka la msakanizowu. Mudziwa mphamvu ya mbaula yanu ndi ukali wa kambuzi wanu ndalama yaikulu isanalowe m'sefuliya. Mudye bwino.