Amishonale Achinyamata ku Karonga pa Nyengo ya Khirisimasi

Mwa ntchito zonse zimene anthu agwira m'boma la Karonga, ya usodzi, ya ulimi wa mpunga ku Hara, ku Wovwe ndi ku Lufilya, ya kuweta ng'ombe, ndi ya malonda a pa chipata cha Songwe, ilipo ina imene anthu saiwerengera kawirikawiri, popeza mwini wake alibe sitolo, kapena ngalawa, kapena malipiro oti munthu n'kuwatchula pabwalo. Ndiyo ntchito ya anyamata ndi asungwana amene asiya kwawo kutali, nadza kudzatumikira mpingo pakati pa Ankhonde, Atumbuka ndi Andali. Ena mwa iwo ndi ansembe odzozedwa kumene, ena ndi abulazala ndi asisteri, ena ndi aphunzitsi kapena anamwino odzipereka kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Ndipo ngakhale makolo athu pomva za mmishonale ankaganiza za Mzungu wandevu, lero kawirikawiri mupeza kuti ndi mwana wa ku Kenya kapena ku Zambia, wakuda ngati ife, amene akhalira nyumba imodzi ndi anzake a ku India, ku Korea, ku Ulaya kapena ku America.

Ntchitoyi siinayambe mwamtendere m'dziko la Kyungu, mfumu yaikulu ya Ankhonde. A Mishoni ya Livingstonia, Asikoti amene anafika m'dziko muno mu 1875, anatumiza anthu awo kumpoto kwa nyanja patapita zaka zochepa, ndipo mmodzi wa iwo anali mbusa wachinyamata J. A. Bain, amene anabwera mu 1883 nakhala kwa Mwiniwanda, pa njira yopita ku nyanja ya Tanganyika. Chakumapeto kwa 1887, pamene Mlozi, wogulitsa akapolo wa ku Mpata, anapha Ankhonde ambiri pa dambo la Kambwe nazinga sitolo ya African Lakes Company, mbusayo anali m'linga momwemo pamodzi ndi Azungu anzake monga Monteith Fotheringham ndi Alfred Sharpe, kotero kuti Disembala wa chaka chimenecho anali mwezi wa mfuti ndi utsi wa midzi, osati wa nyimbo za ku Betelehemu. Bain anamwalira mu 1889 osaonanso dziko la kwawo, ndipo Mlozi anagonjetsedwa mu Disembala 1895. Pano n'koyenera kukumbukira kuti Asikoti a masiku amenewo sankalemekeza Khirisimasi monga tichitira ife; kwawo tsiku lalikulu linali la Chaka Chatsopano, ndipo Khirisimasi inakhala tchuthi cha boma ku Scotland mu 1958. Chimwemwe chimene tiona lero m'matchalitchi a ku Kaporo ndi ku Chilumba, ndi ng'oma zake ndi nthungululu zake, chochuluka anachiumba ndi eni dziko.

Wobwera masiku ano sakumana ndi Mlozi, koma ali nazo zake zomuyesa. Ayenera kukhala ndi chilolezo cha boma chokhalira ndi kugwira ntchito m'dziko muno. Ayenera kuzolowera kutentha kwa kunyanja, kumene mu Novembala ndi Disembala kumlanda munthu tulo. Ayenera kugona m'neti, ndipo ngakhale atero, malungo sam'lambalala. Koma chachikulu ndi chilankhulo, pakuti amene anadza ataloweza Chichewa m'buku apeza kuti mayi wa ku Mwakaboko amyankha m'Chinkhonde, ndipo wa ku Nyungwe m'Chitumbuka, motero munthu wa madigiri abwerera ku ukhanda, nasekedwa ndi ana pa moni weniweniyo.

Nyengo ya Adiventi ikafika, wansembe wachinyamata ndiye asenza katundu wolemera, chifukwa bambo mfumu, pokhala wamkulu, atsala pa parishi, ndipo nthambi zakutali zigwera wamng'ono. Adzuka mbandakucha, amanga kalisi, mikate ndi zovala za Misa kumbuyo kwa njinga yamoto, napita kukamva kulapa kwa anthu amene mwina sanaone wansembe miyezi ingapo; akhala pansi pa mtengo wa mango kufikira mzere utatha, ayesa ophunzira a ubatizo, akonza za maukwati, ayendera odwala ndi okalamba amene sangathe kufika ku tchalitchi, ndipo pobwerera apeza kuti mtsinje umene anawoloka m'mawa ndi nsapato kumapazi tsopano wakwiya. Sadandaula poyera, pakuti mvula yomweyo ndiyo imene Akhristu ake akhala akuipempherera, ndipo walira mvula walira matope. Koma aliyense woona ntchitoyi pafupi adziwa kuti mlendoyo sakadatha kanthu popanda katekisiti, munthu wa m'mudzi momwemo, amene adziwa banja lililonse ndi milandu yake, amene anaphunzitsa anawo chaka chonse, amene amasulira ulaliki ndi kuuwongola mwakachetechete pamene wapotoka, ndiponso amene pa tsiku la Khirisimasi atsogolera mapemphero m'nthambi zambiri kumene wansembe safikako. Mbiri ya mishoni yalemba maina a alendo ndi kusiya a anthu otere, ndipo kumeneko ndi kulakwa kumene sitiyenera kukupitiriza.

Mphunzitsi wodzipereka mtolo wake ndi wina. A Marianist, amene ankayendetsa sukulu ya sekondale ya Chaminade ndi sukulu ya ntchito zamanja ya Miracle pafupi ndi tauni ya Karonga, ankalandira achinyamata otere, monganso Sinodi ya Livingstonia ilandira ochokera ku mipingo ya abale ku Scotland, ku Ireland ndi ku America. Kwa iwowa Disembala si mwezi wa ntchito yambiri, koma wa ntchito yosowa. Pakuti teremu ikatha, anyamata atanyamula masutikesi awo n'kukwera minibasi, bwalo limene linali la phokoso litsala la mbuzi, ndipo munthu amene miyezi itatu analibe mpata wokumbukira kwawo apezeka ali nawo mpata wonse. Pamenepo foni ikhala bwenzi lonyenga: imuonetsa amake, abale ake ndi chakudya cha patebulo la kwawo, kenaka magetsi azima, kapena ndalama za intaneti zitha, nasiyidwa wosungulumwa koposa poyamba. Ambiri a iwo athawa kusungulumwaku popita ku Nkhata Bay kukasonkhana ndi alendo anzawo. Sindiwaweruza, koma amene atero chaka ndi chaka abwerera kwawo asanaidziwe Karonga.

Palinso chovuta china chimene mabuku a maphunziro aumishonale sachifotokoza mokwanira. Khirisimasi kuno igwa pa nthawi imene nkhokwe zayamba kupepuka, feteleza afunika, ndipo fizi ya Januwale yayandikira; mlendo tsono, ngakhale akhale wa lumbiro la umphawi amene thumba lake ndi la gulu, ayesedwa wachuma, ndipo khomo lake siliuma. Ana afuula pamsewu kupempha Khirisimasi bokosi, mkazi wamasiye adza ndi nkhani yoona, wina adza ndi nkhani yopeka, ndipo wachinyamatayo ayenera kuphunzira kusiyanitsa, kukana kosanyoza, ndi kupereka kosadzisandutsa mfumu. Anzeru mwa iwo apita kukafunsa akulu a mpingo, amayi a Umanyano kapena atsogoleri a mphakati, ndi kuphunzira pa chitsanzo cha eni dziko monga Sisteri Beatrice Chipeta, amene anayambitsa bungwe la Lusubilo losamalira ana amasiye m'midzi yawo yomwe, nalandira mphotho ya Opus mu 2010.

Anthu a ku Karonga saiwala Disembala wa 2009, pamene zivomerezi zinagwedeza boma lonse kuyambira pa 6, ndipo chachikulu chinadza kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ikwane. Nyumba, sukulu ndi matchalitchi zinang'ambika, anthu anagona panja ndi m'matenti mvula ili kugwa, ndipo mlendo ndi mwini mudzi anaopa mantha amodzi. Chaka chotsatira, 2010, Dayosizi ya Karonga inakhazikitsidwa, kupatulidwa ku Dayosizi ya Mzuzu, ndipo episkopi wake woyamba anakhala Ambuye Martin Mtumbuka, mwana wa m'dziko muno. Kotero mmishonale wa lero adza kudzatumikira pansi pa Amalawi, kutumidwa ndi iwo ndi kudzudzulidwa ndi iwo, chinthu chimene Bain sakadachilota.

Tsiku lenilenilo likafika, mapemphero atatha, zinthu zitembenuka: iye amene anadza kudzapereka ndiye alandira. Aitanidwa ku nyumba ya munthu amene mwina wapha nkhuku yake yotsiriza, akhazikidwa pa mpando wokhawo umene ulipo, apatsidwa madzi osamba m'manja ndi mayi wogwada, napatsidwa mpunga wa Kilombero, kapena mbalagha ya nthochi ndi nyama ya ng'ombe, ndi chambiko. Madzulo atengedwa kukaonera gule wa mapenenga. Akakana chakudyacho poopa kusautsa osauka, wanyoza nyumba. Akadya mokondwa, walalikira koposa ulaliki wake wa m'mawa umene theka la anthu silinaumve. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo eni nyumba adziwa bwino kuti mwana ameneyu mawa lino adzapita. Komabe amdyetsa monga wawo.

Nafenso tinatumizapo ana athu. David Kaunda, wophunzira wa ku Livingstonia, anapita kukalalikira ku Chinsali pakati pa Abemba, nafera komweko, ndipo mwana wake Kenneth anadzakhala mtsogoleri woyamba wa dziko la Zambia. Lero alipo ansembe, abusa ndi asisteri a ku Malawi m'maiko ambiri, amene pa 25 Disembala adya patebulo la eni. Chifukwa chake, inu Akhristu a ku Karonga, musayembekeze kuti bambo mfumu kapena abusa achite kulengeza: funsani Khirisimasi isanakwane ngati mlendo wa pa mishoni panu ali nako kokadya, ndipo ngati alibe, tumani mwana akamtenge.