ZINING'A ZA CHINGEREZI ZONENA ZA KHAMA NDI KUYAMBIRANSO: VUTO LA WOPHUNZIRA WA KU MZIMBA

1.0 Mau Oyamba

M'nkhani ino tifuna kuona momwe wophunzira wa pa boma la Mzimba ndi wa m'madera a kumwera kwake, monga Embangweni, Edingeni ndi Jenda, angamvere zining'a za Chingerezi zonena za khama ndi kuyambiranso. Tikati chining'a tikunena gulu la mau limene tanthauzo lake silipezeka pomasulira liu lililonse palokha. Nkhaniyi si yamaseŵera, pakuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza maphunziro ena onse.

2.0 Ziyankhulo Zitatu

Angoni a M'mbelwa, amene makolo ao adaoloka Zambezi mu 1835, adasiya Chingoni pang'onopang'ono natenga Chitumbuka. Mu 1968 Chicheŵa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi. Mu 1996 boma lidalola kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha makolo ao, koma lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. Motero mwana amene amaganiza m'Chitumbuka akafotokozeredwa chining'a cha Chingerezi m'Chicheŵa, tanthauzo limaoloka mitsinje iŵiri lisanamfike.

3.0 Magulu Atatu a Zining'a

Chining'a chilichonse chili ndi chithunzi chimene chidabadwira. Ife tikuti zining'a zigaŵidwe poona ngati wophunzira akuchidziŵa chithunzicho kapena ai.

3.1 Zachithunzi chodziŵika. Chining'a chakuti "put one's shoulder to the wheel" chimagwirizana ndi nthano ya Aesop ya munthu amene ngolo yake idatitimira m'matope. Ku Mzimba, kumene ng'ombe zimakoka ngolo, mwana adaonapo anthu akukankha gudumu ndi phewa nthaŵi ya dzinja. Chomwechonso "burn the midnight oil" sichivuta kwa amene adaŵerengapo usiku ndi koloboyi. Nacho "go the extra mile" chidachokera pa Mateyu 5:41, ndime imene Akhristu a ku Embangweni, kumene Donald Fraser adakhazikitsa mishoni ya Loudon mu 1902, amaimva m'tchalitchi. Apa ntchito ya mphunzitsi ndi kukumbutsa chabe.

3.2 Zachithunzi chonyenga. Izi ndizo zoopsa, chifukwa wophunzira amayesa kuti wamva pamene sadamve. Mu "turn over a new leaf", liu lakuti "leaf" ndi tsamba la buku: munthu asiya tsamba lodetsedwa natembenuza loyera, ndiye kuti wasintha khalidwe. Chicheŵa chili ndi mwai pakuti liu lakuti "tsamba" limaimira la mtengo ndi la buku lomwe. Koma mwana wa mlimi wa fodya akamasulira ndi liu la Chitumbuka lakuti "hamba", maganizo ake angathamangire ku chigafa. Momwemonso mu "start from scratch", liu lakuti "scratch" silinena kukanda pakhungu, koma mzere wolembedwa pansi poyambira mpikisano, wonga umene ana amalemba m'fumbi asanathamange.

3.3 Zachithunzi chachilendo. Chining'a chakuti "back to the drawing board" chidatchuka ndi chithunzi choseketsa cha Peter Arno m'magazini ya The New Yorker mu 1941, chosonyeza ndege itagwa, katswiri woikonza akuchokapo ndi mapulani m'khwapa. Thabwa lojambulirapo mapulani silipezeka m'mudzi. Chining'a china, "wipe the slate clean", chikadamveka msanga kwa agogo amene ankalemba ndi kufufuta pa sileti m'sukulu za mishoni, koma mdzukulu wao adayamba ndi kope. Apa tiona kuti chining'a chingathe kusamuka gulu mbadwo ukasintha.

4.0 Mwambi Si Chining'a

Njira yachidule imene imakopa mphunzitsi ndi kupereka mwambi m'malo mwa chining'a, monga kunena kuti "put one's shoulder to the wheel" ndi chimodzimodzi "kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiŵa". Phunziro lake nlofanana ndithu, koma kapangidwe nkosiyana. Mwambi ndi chiganizo chathunthu chimene sichisintha. Chining'a chili ndi mneni amene amasintha potsata nthaŵi ndi mwininkhani: "she turned over a new leaf", "they will turn over a new leaf". Wophunzira amene wazoloŵera kuchiona ngati mwambi amachiika m'chimangirizo chake osachisintha, ndipo chiganizo chimathyoka. Nkwabwino kufanizira chining'a ndi chining'a chinzake. Chicheŵa chili nazo: "kukhetsa thukuta", "kuvala zilimbe", "kugwa mphwayi". Monga momwe timanenera kuti "adavala zilimbe" kapena "tidzavala zilimbe", wophunzira adzazindikira kuti za Chingerezi nazonso zimatero.

5.0 Mau Otsiriza

Kwa okonza ndondomeko za ziyankhulo tikupereka mfundo zitatu. Choyamba, mabuku a Chingerezi asanje zining'a potsata magulu atatuŵa, kuyambira ndi zodziŵika. Chachiŵiri, zining'a za Chitumbuka zitoleredwe kwa akuluakulu a m'midzi, kuti mphunzitsi wa ku Edingeni azifanizira Chingerezi ndi chiyankhulo cha pakhomo mosadzera kwina. Bungwe la Centre for Language Studies, limene lidaloŵa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, ndilo loyenera kutsogolera ntchitoyi, popeza udindo wake ukhudza ziyankhulo zonse za m'Malaŵi. Chachitatu, aphunzitsi aphunzitsidwe gwero la chining'a chilichonse, makamaka za m'gulu lachiŵiri, pakuti m'menemo ndimo mwana amalakwa osadziŵa kuti walakwa.