Kubwerera kwa Mphamvu Yobereka Mayi Akapita Padera

Mwa amayi 100 alionse amene adziwa kuti ali ndi pakati, amayi 10 mpaka 20 amapita padera, ndipo ambiri mwa iwo zimawachitikira mimba isanakwane masabata 12. Pafupifupi theka la mimba zochoka msanga chotere zimachoka chifukwa cha vuto la makromosomu, omwe ndi tizinthu ta m'maselo tosunga malangizo a kapangidwe ka thupi, ndipo vutoli limakhalapo kuyambira pamene dzira lakumana ndi mbewu ya bambo, kotero kuti silingachokere ku khasu limene mayi anagwira kapena mtolo wa nkhuni umene anasenza. Mimba ikachoka, m'thupi mumachitika zinthu ziwiri nthawi imodzi: zizindikiro za mimba yakale zimazilala pang'onopang'ono, pomwe mphamvu yotenga mimba ina imabwerera mofulumira, ndipo chisokonezo chimene mabanja ambiri amakumana nacho chimachokera pa kusiyana kwa liwiro la zinthu ziwirizi.

Kachipangizo koyezera mimba mumkodzo sikaona mwana ayi. Kamafufuza homoni yotchedwa hCG, imene imapangidwa ndi maselo amene amadzakhala nsengwa. Mahomoni ndi timadzi timene thupi limapanga n'kutumiza m'magazi kuti tikauze ziwalo zina zochita. M'masabata oyambirira a mimba yabwinobwino, hCG imawirikiza kawiri pa masiku awiri kapena atatu alionse, ndipo imafika pachimake mimba ikamayandikira masabata 10. Mimba ikachoka, homoniyi siitha tsiku lomwelo, chifukwa thupi limaichotsa pang'onopang'ono, ndipo nthawi imene imatenga imadalira kuchuluka kwake pa tsiku limene mimbayo inachoka. Mayi amene wapita padera mimba ili ndi masabata asanu angaone mzere umodzi, wosonyeza kuti palibe mimba, pakangotha sabata imodzi, pomwe mnzake amene mimba yake inafika masabata 10 angapitirize kuona mizere iwiri kwa mwezi wathunthu kapena kuposerapo. Mzere wachiwiriwo, ngakhale utakhala wosaoneka bwino, umapweteka mtima kwambiri, popeza umadzutsa chiyembekezo chakuti mwina mwana akadalipo, ndipo n'koyenera kuti azachipatala azimuuziratu mayi za zimenezi asanatuluke m'chipatala.

Pa chifukwa chimenechi, malangizo a bungwe la NICE, limene limawongolera njira zochizira ku England, amanena kuti mayi amene mimba yachoka yokha kapena wapatsidwa mankhwala oyeretsa chiberekero, monga misoprostol, adziyeze mkodzo pakatha masabata atatu, ndipo akaona mizere iwiri abwerere kuchipatala. Mizere iwiri pa nthawiyo ingatanthauze kuti homoni ikungochedwa kutsika, komanso ingasonyeze kuti zidutswa za nsengwa zatsalira m'chiberekero, kapena kuti mimba inakhala m'njira yodutsamo mazira m'malo mwa m'chiberekero, vuto limene lingaphe mayi ngati njirayo itaphulika. Nthawi zina, ngakhale kuti si kawirikawiri, chochititsa chimakhala mimba yotchedwa molar, pamene nsengwa imakula molakwika n'kusanduka timatuza tambirimbiri. Kutaya magazi ambiri, kutentha thupi, chikazi chonunkha, chizungulire, ndiponso kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena ndi zizindikiro zosafunika kudikira masabata atatuwo.

Pamene hCG ikutsika, matumba a mazira amayambanso ntchito yake. Mayi amene wapita padera mimba isanakwane miyezi itatu angatulutse dzira pakangotha masabata awiri, ndipo amene mimba yake inali itapitirira miyezi itatu angatero mkati mwa masabata anayi. Msambo woyamba umabwera kawirikawiri pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Mfundo imene ambiri saidziwa ndi yakuti dzira limatuluka msambo usanabwere, chifukwa msambo umatsatira pakadutsa masiku pafupifupi 14 dzira litatuluka koma osakumana ndi mbewu ya bambo. Choncho mayi angatenge pakati pena asanasambe ngakhale kamodzi. Dziralo limakhala ndi moyo maola 12 mpaka 24 okha, koma mbewu ya bambo imatha kukhala m'thupi la mayi mpaka masiku asanu, zimene zikutanthauza kuti kukhala malo amodzi masiku angapo dzira lisanatuluke n'kokwanira kuti mimba ikhale.

Apa ndi pamene kuyeza kwa pa sabata yachitatu kumasonyeza phindu lake lalikulu. Mayi amene anaona mzere umodzi pa nthawiyo, kenako n'kudzaona mizere iwiri patapita masabata ena, ali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti mimbayo ndi yatsopano. Amene sanayezepo alibe poyerekezera, ndipo funso lakuti mimbayo ndi yatsopano kapena ayi limayankhidwa ndi kuyeza magazi kawiri motalikirana maola 48, kuti zioneke ngati hCG ikukwera kapena ikutsika, kapenanso ndi sikani, imene imayamba kuonetsa kathumba ka mimba cha pa masabata asanu kapena asanu ndi limodzi.

Tizipangizo toyezera kutuluka kwa dzira timafufuza homoni ina yotchedwa LH, imene imakwera mwadzidzidzi kutatsala tsiku limodzi kapena tsiku ndi theka kuti dzira lituluke. Kapangidwe ka LH ndi hCG n'kofanana kwambiri, moti hCG yotsalira inganamize kachipangizoko, ndipo sikathandiza kwenikweni mpaka koyezera mimba kataonetsa mzere umodzi. Chizindikiro chosafuna ndalama ndi chikazi, chimene masiku oyandikira kutuluka kwa dzira chimachuluka, chimaterera, ndipo chimatamuka ngati madzi oyera a dzira la nkhuku losaphika.

Funso lakuti banja lidikire nthawi yaitali bwanji lisanayesenso lasintha yankho m'zaka zapitazi. Akatswiri amene bungwe la WHO linawasonkhanitsa ku Geneva mu 2005 analangiza kudikira miyezi isanu ndi umodzi, potengera makamaka kafukufuku wa ku Latin America amene sanasiyanitse mimba zochoka zokha ndi zochotsedwa mwadala. Kafukufuku wa ku Scotland wofalitsidwa mu 2010, wokhudza amayi oposa 30,000, anapeza kuti amene anatenga pakati miyezi isanu ndi umodziyo isanathe sanakumane ndi mavuto ochuluka kuposa amene anadikira, ndipo kafukufuku wa ku Norway wa mu 2022 anapezanso zofanana. Zotsatirazi ziyenera kuwerengedwa mosamala, chifukwa zinachokera kumayiko kumene kuchepa kwa magazi ndi malungo si mavuto a tsiku ndi tsiku. Mayi wa ku Malawi kapena ku Zambia amene wataya magazi ambiri, amene anadwala malungo ali ndi pakati, kapena amene wapezeka ndi chindoko, akuyenera kuchira kaye ndi kulandira chithandizo, pamodzi ndi mwamuna wake ngati matendawo ndi opatsirana pogonana. Amene anapatsidwa mankhwala a methotrexate chifukwa cha mimba ya kunja kwa chiberekero amauzidwa kudikira miyezi itatu, ndipo amene anali ndi mimba ya molar amadikira kufikira madokotala atamaliza kumutsatira.

Kwa ena onse, azachipatala amalangiza kupewa kugonana mpaka magazi atasiya kutuluka, pofuna kuteteza chiberekero ku matenda, ndipo ambiri amawonjezera kuti kudikira msambo umodzi kumathandiza kuwerengera msinkhu wa mimba yotsatira. Mtima nawonso uli ndi nthawi yake yochira, imene achibale ofulumiza banja kuti libwezere msanga sayenera kuinyalanyaza. Banja limene likufuna kupumula lingayambe kulera tsiku lomwelo mayi akulandira chithandizo, kaya ndi mapiritsi, jakisoni, kapena kachipangizo koika pamkono, ndipo limene likufuna kuyesanso liyambiretu mapiritsi a folic acid, mamaikrogalamu 400 pa tsiku, mimba isanakhale. Amayi ambiri amene apita padera kamodzi amadzabereka bwinobwino mimba yotsatira, ndipo ndi mayi mmodzi yekha pa 100 alionse amene zimamuchitikira katatu motsatizana, amene ayenera kupimidwa mozama kuchipatala chachikulu.